Warranty ya Galimoto Ikatha Koma Vuto Likubwerabe: Alipire Ndani?

M'mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Makanjira, Mangochi ndi Monkey Bay mpaka ku Salima ndi Nkhotakota, galimoto ndi munda wa pakhomo. Ndi imene imanyamula usipa kupita kumsika, odwala kupita kuchipatala, ndipo ikakhala Sienta kapena minibasi, ndi imene imabweretsa ufa ndi fizi ya ana. Nthawi zambiri ndalama zoigulira zimasonkhedwa kwa zaka, kapena amatumiza ndi m'bale amene akugwira ntchito ku Joni. Choncho galimoto ikaima, banja lonse limamva kupweteka.

Tiyerekeze kuti m'bale wathu wagula galimoto yokhala ndi warranty, imene ambiri timangoitchula kuti galanti. Patapita miyezi, giyabokosi yayamba kugwedeza posintha magiya. Waipititsa ku garaja ya amene anamugulitsa, aikonza mwaulere. Vutolo labwerera, aikonzanso. Tsopano warranty yatha mwezi watha, vuto lomwe lija labweranso, ndipo amuuza kuti ulendo uno alipire yekha. Kodi akunena zoona?

Yankho lake limadalira zinthu ziwiri: tsiku limene vutolo linayamba kuonekera, ndi umboni wolembedwa woti munalinena. M'nkhani ino tifotokoza mmene warranty imayendera, amene angayenere kulipira ikatha, zimene malamulo amanena, ndi zimene Chisilamu chimaphunzitsa pa katundu wogulitsidwa ali ndi chilema.

Warranty n'chiyani?

Warranty ndi lonjezo la wopanga galimoto kapena wogulitsa lakuti chinthu chikawonongeka chifukwa cha kapangidwe kolakwika kapena chitsulo chosalimba, iye akonza kapena kusintha popanda inu kulipira. Lonjezoli limakhala ndi malire, ndipo malirewo amalembedwa m'kabuku kamene mumalandira pogula.

Pali zinthu zimene pafupifupi warranty iliyonse siikhudza. Zoyamba ndi zimene zimatha ndi ntchito ya tsiku ndi tsiku: mabuleki, matayala, kilatchi, mababu, mawaipa, mafyuluta ndi oyilo. Zachiwiri ndi zowonongeka pa ngozi, m'madzi osefukira, chifukwa cha mafuta osakaniza, kapena chifukwa chonyamula katundu woposa mlingo. Zachitatu ndi zowonongeka chifukwa chodumpha sevisi. Warranty imasiyananso ndi inshuwalansi: inshuwalansi imaona za ngozi, moto ndi kubedwa, ndipo siilipira injini imene yangofa yokha.

Imatha liti?

Warranty imayezedwa ndi zaka komanso makilomita, ndipo imatha pamene chimodzi mwa ziwirizi chayamba kukwana. Makampani ambiri amapereka zaka zitatu kapena makilomita 100,000 pa galimoto yatsopano, ena amapereka zochulukirapo. Zaka zimayamba kuwerengedwa pamene galimoto inaperekedwa kwa mwini wake woyamba. Mukagula kwa munthu amene wakhala nayo zaka ziwiri, inu mwatsala ndi chaka chimodzi basi, ndipo mwina ndi chocheperapo ngati iye ankayenda kwambiri.

Apa pamafunika kuwerengera. Galimoto yoyenda makilomita 200 pa tsiku, masiku asanu ndi limodzi pa sabata, imakwanitsa makilomita 1,200 pa sabata. Ikatero, makilomita 100,000 amatha zaka ziwiri zisanakwane. Mwini wake amakhala akuganiza kuti adakali ndi chaka china, pamene lonjezo linatha kale. Dziwaninso kuti ma warranty ena amafupikitsidwa kapena sagwira ntchito galimoto ikakhala ya hayala. Ngati mukugula kuti muzinyamulira anthu, funsani zimenezi musanapereke ndalama.

Magalimoto ochokera ku Japan

Magalimoto ambiri m'misewu yathu anagwira kale ntchito ku Japan, ndipo amafika kudzera pa madoko monga la Dar es Salaam n'kulowa m'dziko muno pa chipata cha Songwe. Ku Japan, makampani monga Toyota, Nissan ndi Honda amapereka warranty ya mitundu iwiri: ya zaka zitatu kapena makilomita 60,000 pa zinthu zambiri za m'galimoto, ndi ya zaka zisanu kapena makilomita 100,000 pa zinthu zikuluzikulu monga injini ndi giyabokosi. Magalimoto ambiri amene timaitanitsa amakhala atapitirira kale zaka zimenezi, ndiponso warranty yotereyi inapangidwira galimoto imene ikuyenda ku Japan komweko.

Tanthauzo lake n'lakuti amene wagula galimoto yotere alibe lonjezo la wopanga. Chimene ali nacho ndi lonjezo la amene wamugulitsa kuno, ngati lilipo. Wogulitsa akanena pakamwa kuti "ikavuta m'mwezi umodzi mubwere nayo," muuzeni alembe mawu amenewo pa pepala la mgwirizano, atchule zimene lonjezolo likukhudza, asayine, ndipo pakhale mboni.

Vuto latsopano ndi vuto lakale

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Warranty ikatha, mavuto amene amabwera amagwera m'magulu atatu.

Gulu loyamba ndi vuto latsopano, limene silinaonekepo nthawi ya warranty. Mwachitsanzo, sitata yafa patatha chaka warranty itatha, ndipo inali isanavutepo. Apa mwini galimoto ndiye amalipira, pokhapokha zitadziwika kuti ndi chilema cha fakitale chimene kampani yavomera, monga tifotokozere m'munsimu.

Gulu lachiwiri ndi vuto limene linayamba warranty isanathe koma simunalinene. Mwina munkamva phokoso koma munkati lidzasiya lokha, kapena garaja inali kutali, ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ndipo munkadikira kuti nyengo ya malonda idutse. Apa zinthu zimavuta, chifukwa palibe cholembedwa chosonyeza kuti vutolo ndi lakale. Kuchedwa kungachititsenso kuti kachilema kakang'ono kawononge chinthu chachikulu, ndipo wogulitsa anganene kuti inu ndi amene mwakulitsa vuto.

Gulu lachitatu ndi vuto limene munalinena nthawi ya warranty, iwo anayesa kukonza, koma labweranso. Apa muli ndi poyambira polimba. Lonjezo lawo linali lakuti akonza, ndipo ngati anangopepesa vutolo osalichotsa, ndiye kuti lonjezolo silinakwaniritsidwe pa nthawi imene linali ndi mphamvu. Kutha kwa masiku sikufafaniza ntchito imene inatsala. Koma muyenera kusonyeza kuti ndi vuto lomwe lija, pa chipangizo chomwe chija. Chimene chimasonyeza zimenezi ndi job card, pepala limene garaja imalembapo dandaulo lanu, tsiku, makilomita ndi zimene akonza. Ngati pa job card ya chaka chatha analemba mawu akuti "general check" okha pamene inu munadandaula za giyabokosi, umboni wanu watayika. Nthawi zonse werengani zimene alemba musanasayine, ndipo tengani kope lanu, ngakhale atanena kuti sanapeze vuto lililonse.

Pamene wopanga galimoto amalipira warranty itatha

Njira yoyamba ndi recall. Kampani ikazindikira kuti magalimoto ena ali ndi chilema choika moyo pachiswe, imawaitanitsa kuti akonzedwe, ndipo ndalama zake imalipira ndi kampaniyo ngakhale warranty itatha. Chitsanzo chachikulu ndi cha ma airbag a kampani ya Takata ya ku Japan. Airbag ndi thumba limene limafufuma pa ngozi kuti liteteze munthu. Takata inkagwiritsa ntchito mankhwala a ammonium nitrate pofufumitsa thumbalo, ndipo mankhwalawa amawonongeka akakhala zaka zambiri pamalo otentha ndi a chinyontho. Zikatero, kachitsulo kosungira mankhwalawo kamatha kuphulika n'kumwaza zidutswa kumaso kwa woyendetsa. Anthu anafa m'mayiko angapo, magalimoto mamiliyoni ambiri a Honda, Toyota, Nissan, Mazda, Subaru ndi ena anaitanitsidwa, ndipo Takata inagwa mu 2017. Ife okhala kunyanja, kumene kumatentha komanso kuli chinyontho, nkhaniyi ikutikhudza mwachindunji. Makampani a ku Japan ali ndi masamba pa intaneti pamene mumalemba nambala ya chassis n'kuona ngati galimoto yanu inaitanitsidwa. Mukapeza kuti ili m'gulumo, pitani ndi nambalayo kwa oimira kampaniyo m'dziko muno mukafunse mmene angakuthandizireni.

Njira yachiwiri ndi pamene kampani yatalikitsa yokha warranty ya chipangizo chimene chavuta anthu ambiri. Ku America, Nissan inatalikitsa warranty ya giyabokosi ya mtundu wa CVT pa magalimoto a zaka za 2003 mpaka 2010 kufika zaka 10 kapena mamailosi 120,000. Toyota inachitanso chimodzimodzi pa injini ya 2AZ-FE imene inkadya oyilo mopitirira. Mapulogalamu oterewa amakhala a dziko limene galimoto inagulitsidwa koyamba ndipo nawonso amatha, koma akutiphunzitsa chinthu chimodzi: vuto lobwerezabwereza nthawi zina limakhala lodziwika kale kwa opanga, ndipo n'koyenera kufunsa.

Njira yachitatu ndi chithandizo cha chifundo, chimene m'magaraja amachitcha goodwill. Warranty ikangotha kumene, kampani ikhoza kuvomera kulipira mbali ya ndalama, mwachitsanzo kupereka sipeya inu n'kulipira ntchito ya makaniko. Palibe lamulo lowakakamiza, ndipo kawirikawiri amaganizira amene ali ndi mbiri yonse ya sevisi. Pemphani mwaulemu, polemba kalata.

Pamene makaniko ayenera kulipira

Kukonza galimoto ndi mgwirizano pawokha. Mukalipira makaniko kuti akonze chinthu, iye akuyembekezeka kugwira ntchito mwaluso ndi mosamala. Ngati wasintha pampu ya madzi koma sabata yomweyo injini yawiranso chifukwa sanamange bwino, udindo ndi wake, kaya galimoto ili ndi warranty kapena ayi. Masipeya atsopano nawonso nthawi zambiri amakhala ndi galanti yawoyawo kuchokera kusitolo, makamaka batire. Sungani lisiti. Pemphaninso kuti akubwezereni sipeya yakale imene achotsa, chifukwa ndi umboni woti anasinthadi.

Tiyeneranso kuwachitira chilungamo amakaniko. Ngati mwabweretsa nokha sipeya yogwira kale ntchito kuchokera kumsika, iye n'kukuchenjezani kuti siilimba, inu n'kuumirira kuti aike, musadzamuimbe mlandu ikafa.

Zimene malamulo a Malawi amanena

Warranty si chitetezo chokhacho cha wogula. Lamulo la Sale of Goods Act limanena kuti munthu amene ntchito yake ndi kugulitsa katundu wa mtundu winawake ayenera kugulitsa katundu woyenera kugulitsidwa, wogwirizana ndi mmene anamufotokozera, komanso wotha kugwira ntchito imene wogula ananena kuti akumufunira. Udindo umenewu suchokera m'kabuku ka warranty, choncho suthera pa tsiku limene warranty yatha. Komabe uli ndi malire. Ngati munaiyang'ana galimoto musanagule, simungadandaule za chilema chimene chinali poyera choti mukanachiona. Galimoto yakale siiyezedwa ndi muyezo wa yatsopano. Ndipo mukakhala nayo nthawi yaitali osadandaula, mwayi woibweza umatha, n'kutsala wongopempha chipepeso cha ndalama. Mukagula kwa munthu wamba amene si wamalonda a magalimoto, chitetezo chimachepa kwambiri, ndipo mlandu umadalira zimene iye ananena kapena kulemba.

Palinso Consumer Protection Act ya 2003, ndi Competition and Fair Trading Act ya 2024 imene inalowa m'malo mwa ya 1998. Bungwe la Competition and Fair Trading Commission, limene likulu lake lili ku Lilongwe, limalandira madandaulo a ogula pa nkhani monga kunamizidwa za katundu ndi wamalonda kukana udindo pa katundu wowonongeka. Bungwe la Consumers Association of Malawi nalonso limalankhulira ogula. Zonse zikakanika, nkhani imapita kukhoti. Malinga ndi Limitation Act, mlandu wa kuphwanya mgwirizano uyenera kukasumidwa zaka zisanu ndi chimodzi zisanathe kuchokera pamene mgwirizanowo unaphwanyidwa, koma amene akufuna kupambana asadikire zaka, chifukwa umboni umazilala.

Kwa abale athu amene ali kunja

Mabanja ambiri a kunyanja ali ndi ana ku South Africa amene amagula magalimoto kumeneko. Lamulo la kumeneko la Consumer Protection Act ya 2008, limene linayamba kugwira ntchito mu 2011, limayankha funso lathuli mosabisa. Gawo 56 limati katundu akapezeka ndi chilema m'miyezi isanu ndi umodzi yoyamba, wogula ndiye amasankha kuti amukonzere, amusinthire kapena amubwezere ndalama. Akamukonzera, vutolo n'kubweranso m'miyezi itatu, wogulitsa ayenera kusintha katunduyo kapena kubweza ndalama. Gawo 57 limapereka galanti ya miyezi itatu pa sipeya iliyonse yatsopano kapena yokonzedwanso imene yaikidwa pokonza komanso pa ntchito yoiika. Madandaulo amapita ku ofesi ya Motor Industry Ombudsman of South Africa. Izi zimakhudza ogula kwa amalonda. Munthu wamba amatha kugulitsa mwa voetstoots, kutanthauza kuti mwagula mmene ilili, ngakhale kuti mawuwa sateteza amene wabisa dala chilema chimene ankachidziwa. Langizo lathu n'lakuti galimoto yogulidwa ku Joni iyendetsedwe ndi kuyesedwa bwino komweko isanatumizidwe kumudzi, chifukwa ikafika ku Mangochi n'kovuta kuibweza.

Ku Britain, Consumer Rights Act ya 2015 imapatsa wogula masiku 30 oti abweze galimoto yachilema. Chilema chikaoneka m'miyezi isanu ndi umodzi, lamulo limachitenga kuti chinalipo pogula, pokhapokha wogulitsa atasonyeza kuti sichinalipo. Akayesa kukonza kamodzi n'kulephera, wogula akhoza kuibweza kapena kupempha kuti mtengo utsike.

Zimene Chisilamu chimaphunzitsa

Zaka mazana ambiri malamulo amenewa asanalembedwe, ma Ulama a Fiqh anali atafotokoza kale za khiyar al-ayb, umene ndi ufulu wa wogula wobweza katundu akapeza chilema. Madhhab onse anayi amavomereza ufulu umenewu ngati chilemacho chinalipo katundu asanafike m'manja mwa wogula, ngati chikutsitsa mtengo kapena phindu la katunduyo, ndiponso ngati wogula sankachidziwa. Onani kuti funso ndi lomwe lija: chilema chinayamba liti?

Mu madhhab a Imam Shafi'i, amene Asilamu ambiri m'dziko muno timatsatira, wogula akazindikira chilema ayenera kubweza katundu mwachangu. Akazengereza popanda chifukwa, kapena akapitiriza kumugwiritsa ntchito ngati wakhutira, ufulu wobweza umatha. Ngati kubweza sikungathekenso, mwachitsanzo katunduyo wawonongeka asanazindikire chilema chakale, pali arsh, kutanthauza kubwezeredwa gawo la mtengo lolingana ndi chilemacho. Tiyerekeze kuti anthu odziwa magalimoto anena kuti chilemacho chikutsitsa mtengo ndi gawo limodzi mwa magawo khumi. Amene anagula pa K10 miliyoni abwezeredwa K1 miliyoni.

Kubisa chilema n'koletsedwa. Mu Hadith imene ili mu Sahih Muslim timamva kuti Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, analowetsa dzanja mu mulu wa chakudya pamsika, napeza kuti cham'kati chinali chonyowa pamene chapamwamba chinali chouma, ndipo anamudzudzula wogulitsayo chifukwa cha chinyengo. Masiku ano mulu umenewo ndi mita ya makilomita yobwezedwa m'mbuyo, oyilo wokhuthala wothiridwa kuti injini isamveke phokoso, kapena nyali yochenjeza ya padashibodi imene yazimitsidwa dala. Chimodzimodzinso wogula: kudumpha sevisi kenako n'kunama kuti unkachita, n'cholinga choti wina alipire, ndi kudya chuma cha mnzako mopanda chilungamo.

Warranty imene imabwera pamodzi ndi galimoto ngati mbali ya malonda ma Ulama ambiri a masiku ano amailoleza. Yogula payokha kwa kampani ina pambuyo pake amasiyana nayo maganizo, chifukwa ena amaiona kuti ili ndi gharar, kulipirira chinthu chosadziwika ngati chidzachitika. Funsani Sheikh wodziwa za malonda musanasayine.

Zoti muchite vuto likabweranso

Choyamba, ngati vutolo likukhudza mabuleki, chiwongolero kapena kuwira kwa injini, imitsani galimoto. Ndalama za tsiku limodzi sizingafanane ndi moyo wa anthu amene mwanyamula.

Chachiwiri, sonkhanitsani mapepala onse: mgwirizano wogulira, kabuku ka warranty ndi ka sevisi, ma job card, malisiti, ndi mauthenga a pa WhatsApp amene munkalemberana ndi wogulitsa. Jambulani vidiyo ya vutolo ndi chithunzi cha makilomita.

Chachitatu, musalole makaniko wina kumasula chipangizocho wogulitsa asanachione. Akangochimasula, mwam'patsa wogulitsa pothawira.

Chachinayi, lembani kalata yaifupi yotchula masiku onse amene munabweretsa galimoto, zimene anakonza ulendo uliwonse, zimene mukupempha, ndi tsiku limene mukuyembekezera yankho. Sungani kope losayinidwa kuti alandira.

Chachisanu, akakana, apempheni alembe chifukwa chake. Kenako pezani makaniko wodziwika bwino, wosakondera mbali, ayeze galimotoyo n'kulemba zimene wapeza.

Chachisanu ndi chimodzi, yesani kuyanjana. Ngati nonse ndinu a m'dera limodzi, khalani pansi pamaso pa akuluakulu kapena Sheikh. Kugawana mtengo wokonzera nthawi zambiri kumaposa mlandu wa zaka ziwiri galimoto ili pamiyala. Zimene mwagwirizana zilembedwe. Kuyanjana kukakanika, pitani ku Competition and Fair Trading Commission kapena kwa loya.

Kwa amene warranty yawo idakalipo, chitani chinthu chimodzi sabata ino: tsegulani kabuku, onani tsiku ndi makilomita zimene imathera. Kukatsala mwezi umodzi kapena iwiri, pititsani galimoto ikayezedwe, ndipo kaphokoso kalikonse, kudontha kulikonse kwa oyilo, nyali iliyonse imene imayaka n'kuzima, zilembedwe pa job card.

Ndipo tsiku limene inuyo mudzakhale wogulitsa, muuzeni wogula za giyabokosi ija, mum'patse mapepala onse, mtengo utsike ngati uyenera kutsika. Allah atipatse baraka m'malonda athu, ndipo Iye ndi Amene akudziwa bwino koposa.